Switchi ya ma tune ikapanda kusintha mphamvu

Achimwene, mwati mukatembenuza switchi ya ma tune (mapulogalamu osintha mphamvu ya injini) pa galimoto yanu ya dizilo kuchoka pa 1 mpaka pa 5, injini ikungokoka chimodzimodzi. Musathamangire kugula ina.

Yambani ndi kamutu kotembenuzira. Nthawi zina kamamasuka nkumangozungulira pamwamba, mkati osasuntha. Mangani kasikuluwu kake.

Kenako zimitsani injini, zulani switchi, muyese ndi multimeter, chida choyezera magetsi, pa ohms. Switchi ngati DSP5 ya injini za Duramax ilibe nzeru zakezake. Mkati mwake muli ma resistor basi, ndipo malo alionse amachititsa kuti ECM, kompyuta ya injini, ione voteji yosiyana, pakati pa 0 ndi 5V. Ndiye nambala ya pa multimeter iyenera kusintha mukamatembenuza. Ikangokhala imodzimodzi, kapena ikamadumphadumpha mukagwedeza waya, vuto mwalipeza.

Switchi ikakhala bwino, chotsani waya wa negative ku batire, mutsate mawaya mpaka ku ECM. Apa ndiye chedwanipo. Onani earth, onaninso pomwe waya akulowera m'kabini kuchokera ku injini, chifukwa kugwedezeka kwa m'misewu ya fumbi ya m'makomboni muno mu Lusaka kumasenda waya pang'onopang'ono. Pini yolowa mu pulagi ya ECM ikhale yafika mpaka kumapeto. Ambiri amaisiya theka.

Zonsezi zikakhala bwino, bwezerani switchi ndi waya wa batire, lumikizani scanner, chida chowerengera zomwe ECM ikuona, muyatse kiyi, muone ngati votejiyo ikusintha. Ikamasintha koma mphamvu ayi, mwina mu ECM muli tune imodzi yokha. Bwererani kwa amene anakuikirani akaikemo fayilo ya ma tune asanu.