Ngongole ya nyumba ikasokonekera ku America, kapena wina akaba dzina lanu

Kampani yotolera malipiro a ngongole ya nyumba ikalakwitsa, monga kulemba kuti munachedwa pamene munalipira pa nthawi yake, musangoimba foni. Foni siisiya umboni. Lembani kalata yotchedwa notice of error, muikemo dzina lanu, nambala ya akaunti ndi cholakwikacho, ndipo muitumize ku adiresi yomwe kampaniyo inapatula ya madandaulo otere, osati komwe mumatumiza malipiro. Iyenera kuvomera kuti yalandira pasanathe masiku 5 ogwira ntchito, nthawi zambiri n'kuyankha pasanathe masiku 30 ogwira ntchito. Kwa masiku 60 siloledwa kukunenani zoipa ku mabungwe osunga mbiri ya momwe anthu amalipirira ngongole pa ndalama mukutsutsazo.

Chisokonezo chimachuluka ngongole ikasamutsidwira ku kampani ina. M'masiku 60 oyamba, mukalipira pa nthawi yake ku kampani yakale, sangakulipitseni chindapusa chochedwa.

Lipoti la ngongole, lomwe ndi mbiri ya momwe mumalipirira ngongole zanu, litengeni kwaulere pa AnnualCreditReport.com, kuchokera ku mabungwe atatu osunga mbiriyi: Equifax, Experian ndi TransUnion. Onani onse atatu, chifukwa cholakwika chimatha kupezeka kumodzi kokha. Mukatsutsa cholakwikacho, bungwelo nthawi zambiri limafufuza m'masiku 30. Tumizani makope a malisiti, enieniwo musunge.

Mukapeza akaunti yomwe simunatsegule, kanenani pa IdentityTheft.gov, kenako tsekani lipoti lanu ndi credit freeze kumabungwe onse atatu, paliponse payekha, kuti wina asatsegule akaunti yatsopano m'dzina lanu. N'kwaulere. Palinso fraud alert, chenjezo louza obwereketsa ndalama kuti atsimikize kaye kuti ndinudi. Imakhala chaka chimodzi, ndipo mukauza bungwe limodzi, limauza enawo.