Njinga yamoto ikakana kulira itakhalitsa osayenda

Njinga yomwe munaiimika ikulira bwinobwino, n'kuisiya miyezi 6 kapena chaka, kawirikawiri siikhala kuti yafa injini. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndaona eni njinga ambiri akuthamangira kuphwasula injini tsiku loyamba lomwelo, ena mpaka kugula pisitoni yatsopano, pamene vuto lonse linali kabowo kakang'ono kotsekeka m'kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya. Zitsulo za m'injini sizitha njinga itangoima. Chimene chimachitika n'chakuti batire limaphwa, petulo amaonongeka, ndipo dzimbiri ndi tizilombo zimalowa paliponse pomwe zapeza mpata. Ndiye tiyeni tifufuze modekha, tiyambire pa zosavuta zomwe sizifuna kugula kanthu.

Choyamba itulutseni panja pomwe pakupita mphepo. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa carbon monoxide womwe sununkha ndipo suoneka, koma m'chipinda chotseka umapha munthu. Komanso mukhala mukugwira petulo, choncho fodya ndi moto uliwonse zikhale kutali.

Musanakhudze kiyi, yang'anani oyilo. Muone ngati wafika pamzere, kenako mumununkhize. Akamanunkha petulo, komanso ngati wachuluka kuposa mmene munamusiyira, ndiye kuti kabuleta inkadontha mkati nthawi yonseyi, petulo n'kumatsikira m'injini. Oyilo wotere wasanduka wamadzimadzi ndipo satetezanso zitsulo, mumukhuthule musanayese n'komwe kuliza. Ngati njinga yanu ili ndi kiki, ipondeni pang'onopang'ono kiyi ali wozima, mumve ngati injini ikuzungulira. Mukaona kuti yalimba gwa, chonde musadumphirepo ndi thupi lonse. Chotsani pulagi, thirani oyilo wa injini wokwana supuni yaing'ono pabowo lake, muisiye igone, mawa muyesenso mofatsa. Mphete za pisitoni zikagwirana ndi dzimbiri zimamasuka pang'onopang'ono, koma mukaziumiriza zimathyoka kapena kukala mkati mwa silinda.

Tsopano tembenuzani kiyi, mutchere khutu. Njinga imanena yokha pomwe pakuvuta. Ngati magetsi sakuyaka ndipo hutala ili zii, ndi batire kapena fiyuzi. Ngati magetsi akuyaka koma mukadina sitata mukungomva kuti tche tche tche, magetsi aja n'kuzilala, batire lafooka kapena mitu yake yachita dzimbiri. Sitata ikamazungulira mwamphamvu koma injini osalira, batire lisiyeni, vuto lili ku mafuta, ku moto wa pulagi kapena ku mpweya.

Batire la asidi limataya mphamvu lokha ngakhale palibe choyaka, ndipo kukamatentha limaphwa msanga. Njinga zomwe zili ndi alamu kapena wotchi zimalikama usana ndi usiku. Likakhala lophwa nthawi yaitali, mapuleti a mkati amakutidwa ndi zoumauma zoyera, ndipo zikafika poipa batire silisunganso moto ngakhale mulitchaje usiku wonse. Mukapeza multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, yezani. Batire la 12V lomwe lili lodzaza limaonetsa pakati pa 12.6 ndi 12.8. Likaonetsa 12.0 kapena kutsika apo, laphwa kwambiri. Koma muyeso womwe ine ndimaudalira ndi uwu: siyani multimeter pabatire pomwepo, mudine sitata. Nambala ikagwa kutsika pa 10, batire limenelo silingalize njinga, ngakhale poyamba linaonetsa nambala yabwino.

Potchaja musachite changu. Batire la njinga ndi laling'ono, limafuna moto wochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yolembedwa pambali pake. Lolembedwa 7Ah litchajidwe ndi moto wa 0.7A kwa maola angapo. Tchaja yaikulu ya galimoto imalitenthetsa n'kulitupitsa. Ngati ndi batire lotsegula lija la tizivindikiro, onjezerani madzi a batire okhaokha mpaka pamzere, osati asidi, osatinso madzi apampopi. Mitu yake muipale mpaka iwale, muimange zolimba. Pochotsa batire yambani ndi waya wa negative, pobwezera umenewo ukhale womaliza. Mukafuna kubwereka moto ku batire la galimoto n'zotheka, bola injini ya galimotoyo ikhale yozima.

Pali tinthu tina timene timaiwalika, ndipo palibe chamanyazi, aliyense amene wakhala ndi njinga zinamuchitikirapo. Kaswitchi kofiira kozimitsira injini kali pachigwiriro chakumanja kaja mwina kanadinidwa pomwe munkakankha njinga. Njinga zambiri sizilira ngati zili m'giya sitandi yam'mbali ili pansi, zina zimafuna mugwire kilatchi. Timaswitchi timeneti timachita dzimbiri njinga ikakhala pachinyezi. Ikani pa neutral, kwezani sitandi, gwirani kilatchi, sunthani kaswitchi kofiira kangapo, kenako muone fiyuzi yaikulu yomwe imakhala pafupi ndi batire. Ikakhala yopsa, ikanipo ina ya nambala yomweyo. Osamangapo waya, chifukwa fiyuzi ikapsa imapulumutsa mawaya onse a njinga.

Tifike pa mafuta, pakuti apa ndi pomwe njinga zambiri zokhalitsa zimakanira. Petulo si chinthu chosungika. Pakangotha miyezi yochepa, mbali yake yopepuka, yomwe imathandiza injini kulira ikadali yozizira, imauluka. Zotsalazo zimada, n'kusanduka zomata ngati ulimbo. Tsegulani thanki mununkhize. Petulo wabwino fungo lake ndi lakuthwa ndipo amaoneka woyera mbee. Wakale amanunkha ngati vanishi wopaka matabwa ndipo amakhala wofiirira. Ngati petulo wake anali wosakaniza ndi ethanol, amakokanso chinyezi cha mumpweya, madzi aja n'kukhazikika pansi pa thanki, dzimbiri n'kuyamba. Walitsani tochi mkatimo muone, osati machesi.

Kuthira petulo watsopano pamwamba pa wakale sikuthandiza kwenikweni. Mukhuthule yense m'chigubu, mutsukuluze thanki ndi petulo watsopano pang'ono, kenako muthiremo malita awiri kapena atatu. Zulani payipi yopita ku kabuleta, mutsegule kampopi ka mafuta, muone ngati akutuluka mwamphamvu. Akamangodontha, kasefa ka m'kampopi katsekeka ndi dzimbiri. Kumbukirani kuti mafuta akakhala ochepa m'thanki kampopi kayenera kukhala pa RES, potulukira mafuta otsalira pansi, pa ON satuluka. Njinga zina kampopi kake kamatseguka pokhapokha injini ikuzungulira. Zoterezi zimakhala ndi malo olembedwa PRI, ndipo mukaika pamenepo kwa mphindi imodzi kabuleta imadzaza.

Pansi pa kabuleta pali kambale komwe petulo amadikirira, ndipo m'mbali mwake muli kasikulu kokhuthulira. Ikani kabotolo koonekera mkati pansi pake, mumasule kasikuluko. Mukapenda zomwe zatulukazo mudzaona nokha: mwina timadontho ta madzi tokhazikika pansi, mwina tinyenyeswa tofiira ta dzimbiri. Ngati sipakutuluka kanthu pomwe mafuta akufika, kasingano ka float, komwe kamatsegula ndi kutseka polowera petulo m'kambalemo, kamatirira. Gogodani kambaleko mofatsa ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, nthawi zambiri kamamasuka.

Ndinathandizapo mnyamata wina yemwe njinga yake inakhala chaka chathunthu iye ali kutali kuntchito. Anali atasintha batire, atasintha pulagi kawiri, mwendo utatupa ndi kiki. Njinga inkalira akakoka choki, chothandiza injini yozizira kulira, koma akangobweza choki, kapena kusiya mafuta, inkazima. Chizindikiro chimenechi muchisunge pamtima, chifukwa chimaloza malo amodzi. Titatsegula kambale ka kabuleta tinapeza pansi pake pali zobiriwira zomata. Ndinamasula jeti yaing'ono ya aidulo, kachitsulo kabowo kodutsa petulo injini ikamalira yokha osapatsidwa mafuta, n'kumupatsa kuti ayang'anire kudzuwa. Sanaone kuwala kulikonse. Kabowo kake n'kochepa ngati tsitsi lokhuthala, ndiye petulo akaumira mmenemo kamatsekeka msanga kuposa jeti yaikulu. Tinaiviika m'mankhwala otsukira kabuleta, tinaipemerera ndi mpweya, kuwala kunaoneka ngati kanyenyezi. Titabwezera, njinga inalira pa kiki yachiwiri n'kukhazikika yokha.

Potsuka jeti musatokose ndi singano kapena waya wachitsulo. Jeti ndi ya mkuwa wofewa, mukakulitsa bowo lake ngakhale pang'ono njinga idzayamba kumwa mafuta ndi kuda pulagi mpaka kalekale. Ngati mankhwala ndi mpweya zalephera, gwiritsani kawaya kamodzi kofewa ka kopa kochokera m'waya wamagetsi, kapena mungogula jeti ina ya nambala yomweyo. Kasikulu kosinthira mpweya ndi mafuta musakazungulize mwachisawawa. Ngati n'kofunika kukachotsa, yambani mwakamanga mofatsa mpaka kafike, mukuwerenga kuti kazungulira kangati, mulembe, kuti mudzakabwezere pomwe kanali. Ndipo jambulani ndi foni chilichonse musanamasule, tizitsulo ta m'kabuleta timasokoneza pobwezera.

Njinga za injekishoni, zomwe pampu yamagetsi imatumiza petulo ku injini, zilibe kabuleta, koma nazo petulo wakale amazivuta. Mukatembenuza kiyi muyenera kumva pampu ikulira kwa masekondi awiri kapena atatu cham'thanki. Ikakhala chete, onani kaswitchi kofiira ndi fiyuzi ya pampu musanaganize zoti pampu yafa, ngakhale kuti imathanso kumatirira ndi zomata zija. Njinga zimenezi zimafuna batire lamphamvu, ndiye kuzikankha batire litaferatu n'kungodzitopetsa.

Mafuta akamafika koma njinga osalirabe, chotsani pulagi muiwerenge. Youma kwambiri pambuyo poti mwaponda kiki kangapo ikukuuzani kuti mafuta sakulowa m'injini, bwererani ku kabuleta. Yonyowa ndi petulo ikutanthauza kuti mafuta akufika koma sakuyaka, kaya moto palibe kaya injini yakhuta mafuta. Kuti muone ngati moto ulipo, pulagiyo ivekeni chipewa chake, muigunditse pachitsulo cha injini kutali ndi bowo lake, mugwire parabala, mudine sitata pamthunzi. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuti thethe. Wofiirira wofooka, kapena kusowa kwake, yambani n'kuyesa pulagi yatsopano, popeza ndi chinthu chosavuta kusintha. Mpata wa kumutu kwa pulagi pa njinga zing'onozing'ono zambiri umakhala 0.6 mpaka 0.7 mm, koma buku la njinga yanu ndi lomwe linene. Pulagi yatsopano ikakhalanso yopanda moto, tsatirani mawaya kuchokera ku koyilo, muvule thanki ndi mpando. Makoswe amakonda kutafuna mawaya a njinga yoima, ndipo nthawi zina mupeza kawaya kamodzi kodukira pobisika.

Ngati injini yakhuta mafuta, bwezani choki, pukutani pulagi, mupotokole chigwiriro cha mafuta mpaka kumapeto n'kuzungulitsa injini kangapo kuti ipume. Sitata musaidine kupitirira masekondi 5 nthawi imodzi. Ipumitseni pang'ono musanadinenso, apo ayi imatentha ndipo batire lomwe mwavutika kutchaja lija limaphwanso.

Musaiwale kutsegula bokosi la sefa ya mpweya. Mbewa zimamanga zisa mmenemo ndi nsanza ndi udzu, ndipo sefa ya siponji ikakalamba imayoyoka, zidutswa zake n'kukokedwera m'kabuleta. Kumbuyo nako suzumirani m'ekizozi, mavu amaumba nyumba zawo za dothi pakamwa pake. Amatsekanso timapayipi ting'onoting'ono topumira kabuleta, ndipo kapayipi kamodzi koteroko kakatsekeka mafuta sayenda bwino.

Zonsezi zikakhala bwino m'pomwe timaganiza za kompuleshoni. Chotsani pulagi, tsekani bowo lake ndi chala chachikulu, wina aponde kiki kiyi ali wozima. Mpweya uyenera kukankha chala chanu mwamphamvu. Kiki ikamangotsika yopepuka ndipo chala osamva kanthu, mwina valavu yamatirira yotseguka kapena mphete zagwira. Apa ndiye pitani kwa makaniko yemwe ali ndi chida choyezera, ndipo mumufotokozere zonse zomwe mwayesa kale kuti asayambirenso pachiyambi.

Ikalira, musaipatse mafuta ambiri ndi chisangalalo. Oyilo yense anatsikira pansi miyezi yonse ija, kumtunda kwa injini kuli kouma, isiyeni ilire pang'onopang'ono mphindi zingapo. Utsi wa oyilo munathira m'silinda uja utha wokha. Yezaninso batire injini ikulira, mukakweza mafuta pang'ono lionetse pakati pa 13.5 ndi 14.5, kusonyeza kuti njinga ikutchaja. Injini ikatentha sinthani oyilo.

Pamsewu musalowe tsiku lomwelo musanaone izi. Mapuleti a kilatchi amamatirana njinga ikakhalitsa, moti mukaponda giya yoyamba imatha kudumpha n'kuzima. Izimitseni, ikani m'giya, gwirani kilatchi, muikankhe kutsogolo ndi kumbuyo mpaka mumve yamasuka, ndipo poponda giya koyamba buleki yakutsogolo ikhale yogwira, kutsogolo kopanda munthu. Matayala apopeni, muone ngati m'mbali mwake mwang'ambika timing'alu. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 2319 ndi sabata ya 23 m'chaka cha 2019, ndipo tayala lokalamba limauma n'kumaterereka ngakhale mano ake akuoneka atsopano. Mafuta a mabuleki amakoka chinyezi, ndiye chigwiriro chikamamveka chofewa kapena mafutawo akada, asintheni. Tcheni chitsukeni ndi parafini, muchipake oyilo, muzungulitse tayala lakumbuyo ndi dzanja mukuyang'ana mfundo zomwe zauma osapindika. Ulendo woyamba ukhale waufupi, wozungulira pafupi ndi pakhomo, mukuyesa mabuleki onse awiri, ndipo mukabwerako muwerame muone pansi pa kabuleta ngati pakudontha petulo.