Kuchotsa maluwa a calla lily m'dimba kuti asaphukirenso

Calla lily, amene dzina lake la sayansi ndi Zantedeschia, kwawo ndi kummwera kwa Africa, ndipo akapeza malo achinyontho amafalikira mpaka kupanikiza mbewu zina. Kudula masamba okha n'kutaya nthawi, chifukwa mphamvu zake zili m'tsinde lonenepa la pansi pa nthaka. Tsindelo limabereka tiana tambiri m'mbali, ndipo kachidutswa kalikonse kotsala kamaphuka.

Valani kaye magolovesi. Duwali ndi la banja limodzi ndi koko, ndipo utomoni wake umayabwa kwambiri pakhungu. Ukalowa m'maso kapena m'kamwa umawotcha ndi kutupitsa, choncho ana ndi ziweto asayandikire zomwe mwakumba.

Kumbani dothi likakhala lofewa koma losachita matope. Likauma gwa, tiana timathothoka n'kutsalira pansi. Ngati kwauma, thirirani madzulo n'kudzakumba m'mawa.

Dulani masamba, musiye masentimita 10 oti mugwirepo. Tengani foloko ya m'munda, osati khasu: khasu limaduladula tsinde, ndiye m'malo mochotsa duwa limodzi mwabzala khumi. Zikani foloko pa mtunda wa masentimita 30 kuchokera pa tsinde, ilowe pansi masentimita 25 mpaka 30. Zungulirani phata lonse mukutekenya pang'onopang'ono, kenako litukuleni lathunthu ndi dothi lake. Musakoke ndi manja.

Ntchito yeniyeni ili pa dothi lotsala. Liyaleni pa thumba kapena lisefeni pa sefa ya mchenga, mutole kachidutswa kalikonse, ngakhale kakang'ono chotani, koyera mkati mukakakanda. Ambiri amatopa pamenepa, n'chifukwa chake maluwa amabwereranso mvula ikagwa.

Zokumbazo musaziponye m'dzenje la manyowa kapena m'ngalande, zikamera komweko. Ziyanikeni pa lata padzuwa mpaka ziume kotheratu, kenako muzitenthe.

Mankhwala ophera udzu a glyphosate sathandiza kwenikweni. Masamba a duwali ndi oterera, mankhwala amangotsetsereka, ndipo kawirikawiri amene amafa ndi masamba okha.

Pitirizani kuyendera malowo kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kamphukira kakaoneka kakumbeni ndi tsinde lake. Ngati pali mapata ena amene simunawafikire, dulani maluwa ake asanabereke zipatso, chifukwa mbalame zimamwaza njere zake.