Momwe mpingo wanu ungathandizire mabanja a ku Dzaleka ndi chakudya

Msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994, pamalo pomwe kale panali ndende. Unakonzedwa kuti muzikhala anthu osaposa 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Mu 2023 boma linabwezera kumsasako othawa kwawo amene ankachita geni m'matauni, ndiye mabanja ambiri anasowa pogwira. Thandizo la bungwe loona za chakudya padziko lonse la WFP nalonso lakhala likuchepa. Ngati mpingo kapena mzikiti wanu ukufuna kuchitapo kanthu, yambani motere.

Choyamba, funsani. Musanasonkhe ngakhale tambala, tumizani anthu awiri kapena atatu akadziwitse ofesi ya oyang'anira msasa, kenako akacheze ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti ya mumsasamo. Iwowo ndi amene akudziwa khomo lomwe muli gogo wolera adzukulu yekha, kapena banja longofika kumene. Mutengeko wina wodziwa Chiswahili.

Chachiwiri, gulani zimene anthuwo amadya. Apa mpomwe ambiri timaphonya. Ife tikamva njala timangoganiza chimanga basi, ndipo n'chofunikadi, koma thumba la chimanga limafuna ndalama ya kuchigayo, imene wolandirayo alibe. Bola mugayitsiretu. Abale a ku Burundi ndi Rwanda chakudya chawo chachikulu ndi nyemba. A ku Congo amakonda ufa wa kondowole ndi chigwada, chimene iwo amati sombe. Onjezani mafuta ophikira, mchere, ndi ufa wa soya wa phala la ana. Musaiwalenso moto. Nyemba zouma zimadya makala, ndipo kuzungulira msasawu nkhuni n'zosowa. Kupereka nyemba popanda chophikira n'kumusiya munthu akuyang'ana mphika wozizira, ana atazungulira.

Chachitatu, sonkhani nthawi ya masika. Kuyambira Epulo mpaka Juni chimanga chimatsika mtengo, ndipo akhristu ambiri amatha kubweretsa ndowa kuchokera kumunda kwawo. Patulaniko gawo pa chopereka cha masika. Amayi a Chigwirizano ndi a m'miphakati ntchito yotereyi amaidziwa kale. Kwa Asilamu, zakaat ndiye poyambira. Chimangacho yanikani bwino, thirani mankhwala a anankafumbwe kapena sungani m'matumba osalowa mpweya a PICS, kuti mudzakhale nacho mu Januwale ndi Febuluwale mitengo ikadzakwera.

Chachinayi, sankhani mabanja ochepa oti muziwafikira mwezi ndi mwezi. Ine ndimaona kuti mabanja khumi othandizidwa chaka chonse n'zabwino kuposa lole yodzaza yobwera kamodzi pa Khirisimasi. Pogawa, musafunse munthu kuti amapemphera kuti. Musawaimike pamzere padzuwa, ndipo mafoni akhale m'thumba: ena mwa anthuwa anathawa adani, chithunzi chawo pa Facebook chingawaike pachiswe.

Chomaliza, kumbukirani midzi yozungulira msasa. Nawonso anthu a ku Dowa njala imawakuta, ndipo akamaona matumba akungowadutsa pamsewu, mtima umawawa. Kambiranani ndi mafumu a m'deralo kuti pa ulendo uliwonse mabanja angapo a m'mudzi alandireko. Mukabwerako, mlembi awerenge pamaso pa mpingo wonse matumba amene anapita, ndalama ya mayendedwe, ndi tsiku la ulendo wotsatira.