Momwe mungatulutsire m'bale wanu pa belo akamangidwa

Mng'ono wanga anamangidwa Lachitatu madzulo atapezeka ndi foni yomwe anagula kwa munthu wina mu msika, osadziwa kuti ndi yobedwa. Ndinayenda nayo nkhaniyi kuyambira ku polisi mpaka kukhoti, ndiye ndati ndilembe kuti wina asadzataye masiku monga tinatayira ife.

Mukangomva kuti wamangidwa, thamangirani ku polisi komwe akumusunga, kaya ndi ku Area 3, Kawale, Lingadzi kapena Kanengo ngati muli ku Lilongwe. Funsani dzina la wapolisi amene akufufuza nkhaniyo komanso mlandu womwe alemba. Lembani tsiku ndi nthawi imene anamugwira, chifukwa gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akatha khoti litaweruka kale, kapena akathera pa Loweruka, Lamulungu kapena pa tchuthi, apite naye tsiku loyamba lomwe khoti litsegule.

Pa milandu ing'onoing'ono apolisi eni ake amatha kupereka belo, ndipo belo ya ku polisi ndi yaulere. Wina akakukokerani pambali n'kumati "pezani ya fanta kuti abwana asaine msanga", dziwani kuti zimenezo ndi ziphuphu. Madobadoba otere sasowa panja pa mageti, ena atavala bwino ngati maloya. Musawapatse ngakhale 1 tambala.

Ife anatiuza kuti nkhani ipita kukhoti Lachisanu. Kumeneko woimbidwa mlandu atha kupempha yekha belo akangomuwerengera mlandu, sikuti mpaka pakhale loya. Ngati nkhani ndi yolemera ndipo ndalama mulibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Woweruza amayang'ana ngati munthuyo angathawe, angakasokoneze umboni kapena angakapalamulenso, ndipo a mbali ya boma ndi amene ayenera kupereka chifukwa chomukanizira. Milandu ngati ya kupha munthu ndi youkira boma, belo yake imakapemphedwa ku High Court.

Tsono apa mumvetsetse, chifukwa ndi pomwe ife tinapunthwa. Khoti likavomera belo, nthawi zambiri limafuna mboni. Izi si mboni za mlandu ayi, ndi anthu olonjeza kuti munthuyo sathawa, ndipo akathawa iwo ndi amene adzalipire ndalama yomwe asainira. Kwa ife anati tipereke K50,000 ya chikole, kuphatikiza mboni ziwiri zolonjeza K100,000 aliyense, yosapereka tsiku lomwelo. Ndinaima ine ndi amalume athu a ku Area 25. Ine anandifunsa dzina, ntchito, kumene ndimakhala, ubale wanga ndi womangidwayo, mudzi wathu, mfumu yaikulu ndi boma, zonse zinayenda. Itafika nthawi ya amalume, anawafunsa chiphaso cha unzika. Ndinawaona akupisa m'thumba la jekete, kenako la thalauza, n'kutulutsa kachikwama komwe munali khadi ya ku banki ndi timapepala ta mankhwala basi. Chiphaso anachisiya kunyumba, ndipo ine sindinawakumbutse n'komwe usiku wake.

Titatuluka panja, bambo wina anandiyandikira n'kunena kuti atha kuima ngati mboni nditamupatsa K20,000. Mtima unali m'mwamba, ndinatsala pang'ono kuvomera. Amalume anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mphwanga, munthu sakumudziwa mwanayu, akamufunsa za kumudzi kwake ayankha chiyani?" Ankanena zoona. Kunamiza khoti ndi mlandu wina pawokha, ndipo belo yomwe inali itavomerezedwa kale ikanatha kugwera pomwepo.

Tinatuma mwana pa kabaza wa njinga yamoto kuti akatenge chiphasocho, koma pobwera khoti linali litaweruka ndipo galimoto yopita ku ndende ya Maula inali itanyamuka. Mng'ono wanga anagona pa rimandi Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu, belo ili yovomerezedwa kale. Amayi sanadye masiku amenewo. Ndiye ndikukupemphani, usiku woti mawa mukupita kukhoti, ziphaso za mboni zonse muzione ndi maso anu, osangomva "ndatenga". Tengani anthu atatu ngakhale akufunika awiri, achibale enieni odziwika pokhala, ndipo mukhale pansi mukumbutsane kuti womangidwayo amakhala kuti kwenikweni, mayankho anu asakasemphane. Ndalama ya chikole ikhale ili m'manja kuyambira m'mawa, osati muzikayamba kusaka ejenti wa Airtel Money woweruza atalamula kale.

Lolemba zinayenda msanga. Mboni zikavomerezedwa mumasaina, n'kukalipira chikole ku ofesi yolandirira ndalama ya pakhoti pomwepo, osati m'manja mwa munthu pa khonde. Ngati m'bale wanu ali kale ku ndende, chikalata chomutulutsa chimayenera kukafika kumeneko, ndiye chitsatireni.

Akatuluka azitsatira zomwe khoti lalamula: kukaonekera ku polisi pa tsiku lomwe amupatsa, kusayandikira mboni za boma, kusachoka m'boma lino osatsanzika ngati zinalembedwa choncho. Akajomba kukhoti amamugwiranso. Lisiti la chikole lija lijambuleni pa foni n'kulisunga pabwino, chifukwa mlandu ukatha adzalifuna pokubwezerani ndalama yanu.