Kulima ndere za m'nyanja ya mchere: mangani molingana ndi thupi lake

Ndere za m'nyanja ya mchere zilibe mizu, ndiponso zilibe mitsempha yoyendetsa madzi ndi chakudya monga mbewu za pamtunda. Chooneka ngati mizu ndi chogwirira pamwala basi. Chakudya chimalowa pakhungu la nthambi iliyonse, ndipo thupi lonse ndi lofewa, lopindika, lopangidwa kuti lizitsatira madzi. Pafupifupi zolakwika zonse za m'munda wa ndere zimachokera poiwala zimenezi.

Mitundu iwiri yolimidwa kwambiri m'nyanja zofunda ndi Kappaphycus alvarezii, imene ogula amaitchula cottonii, ndi Eucheuma denticulatum, imene amati spinosum. Amachotsamo carrageenan, wolimbitsira zakudya ndi mankhwala otsukira mano. Ulimiwu unakula ku Philippines m'zaka za m'ma 1970, ndipo ku Zanzibar unayamba mu 1989.

Posankha malo, yambani ndi kayendedwe ka madzi. Madzi okhudzana ndi khungu la nthambi amakhala ngati angoima, ndipo ndere zikatha chakudya chili m'menemo zimadikira madzi ena kuti abweretse chatsopano. Pamalo a bata zimafa ndi njala zili pakati pa nyanja, matope n'kumaunjikana pamwamba pake, kuwala osafika. Ponyani kamtengo pamadzi muyese mtunda umene kayende pa mphindi imodzi: mamita 20 mpaka 40 ndi abwino. Kupitirira pamenepo samalani, chifukwa liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu yokoka ndere imatha kuwirikiza mpaka kanayi. Madzi akhale ofunda pakati pa madigiri 25 ndi 30, mchere magalamu 30 mpaka 35 pa lita. Pafupi ndi pamene mtsinje ukuthira m'nyanja musayese n'komwe. Popeza madzi a m'nyanja ya mchere amakwera ndi kuphwa tsiku lililonse, onaninso malowo tsiku limene madzi aphwa kwambiri: ndere zisatsale pamtetete, pakhalebe madzi okwana masentimita 30 kapena kuposerapo.

Mmene thupi lofewa limapulumukira m'madzi othamanga zinaonekera bwino pa ndere zazitali za Nereocystis, za kugombe la kumadzulo kwa North America, zimene Mimi Koehl wa ku University of California, Berkeley anafufuza. Zimene zamera pamadzi odekha zimakhala ndi masamba otambalala, okwinyika m'mphepete, amene amamwazikana n'kulandira dzuwa lambiri koma madzi amawakoka kwambiri. Zimene zamera pamadzi othamanga masamba ake ndi ang'ono m'lifupi, osalala, ndipo amaphatikana kukhala mtolo umodzi woti madzi azingodutsa, ngakhale kuti amatchingirana kuwala. Phesi lake limatamuka kwambiri lisanaduke. Koma zambiri zokokoloka zinapezeka kuti zadukira pabala, pamene panalumidwa kapena kukhulika.

Mlimi atengepo phunziro limeneli: nthambi yopanda bala imapirira mafunde, yabala imathyoka ndi kamphepo wamba. Ndiye mbewu muzidula ndi mpeni wakuthwa, osati kukhadzula ndi manja. Sankhani zidutswa za magalamu 50 mpaka 100, zonyezimira, zolimba, zokhala ndi nsonga zambiri, pakuti ndere zimakulira kunsonga. Zikakhala kunja kwa madzi podikira kumangidwa, ziikeni pamthunzi ndi kumaziwaza madzi a m'nyanja, osati a mvula kapena a pachitsime.

Khomani zikhomo molimba, mukunge chingwe cha nayiloni pakati pake motsata kumene madzi amalowera, masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pansi. Chingwe chopingasa madzi chimalandira mphamvu yonse nthawi imodzi ndipo chimazula zikhomo. Chingwe cholendewera nacho n'choipa: madzi akamabwerera chimakweza ndi kugwetsa ndere, n'kumazikhula pamchenga. Pakati pa chidutswa ndi chinzake siyani masentimita 20 mpaka 25.

Kamangidwe ka chidutswa ndi pamene ambiri amaonongera. Gwiritsani kalamba kofewa ka pulasitiki, osati ulusi wopyapyala umene umacheka. Mfundo ikhale pamphanda, pamene nthambi zikuluzikulu zagawanikana, kuti chidutswa chisapulumuke. Isathine: nthambi imanenepa pamene ikukula, ndipo kalamba kothina kamalowa m'mnofu, pamenepo n'kuyera, kufewa, kenako kuduka. Isakhalenso yomasuka moti chidutswa chizizungulira n'kumadzipekesa pachingwe. Mukachigwedeza, chizivina ndi madzi koma tsinde lake lisasunthe pamalo. Kalamba kolumikiza chidutswa ku chingwe chachikulu kakhale kafupi, apo ayi kamakulungana ndi ka chinzake.

Zilombo zodya ndere nazo muziziweruza poona matupi awo. Tinyama ta m'nyanja tozungulira taminga, totchedwa sea urchin pa Chingerezi, timayenda pansi, ndipo pakamwa pake, pokhala ndi mano asanu, pali kunsi kwa thupi. Sitisambira. N'chifukwa chake kukweza chingwe kumathandiza, ngakhale kuti timakwera zikhomo. Tichotseni ndi ndodo nthawi iliyonse madzi akaphwa, ndipo musapondepo opanda nsapato. Nsomba za mtundu wa Siganus n'zina: zili ndi kamwa laling'ono lobudula nsonga ndi kusenda khungu, ndipo kutalika kwa chingwe sikuziletsa. Zikachuluka, kusamutsira ndere pazingwe zoyandama kumadzi akuya kumachepetsa vutolo. Kuonjezera pa zimene nsombazi zimadya, ndere zina zimatayika nthambi zolumidwazo zikamaduka.

Matenda ofala ndi ice-ice. Mbali ina ya nthambi imayera, imafewa, ndipo mafunde amaimaliza. Amayamba ndere zikafooka ndi kutentha, kuchepa kwa mchere mvula ikagwa yambiri, kapena madzi osayenda. Mabakiteriya amabwera pambuyo kudzadya pofookapo. Mankhwala othira m'nyanja palibe. Dulani mbali yoyerayo kufika pamene pali pabwino, mutulutse zodulazo kumtunda, ndipo ngati n'kotheka tsitsani chingwe kumadzi ozizirirapo. Cottonii ndiye amagwidwa msanga. Pamalo osaya amene amatentha, spinosum amapirira bwino. Poyendera munda gwedezani chingwe chilichonse kuti matope agwe, ndipo zulani tindere tina tonga tsitsi tomera pakhungu.

Kololani pakatha masiku 45 kapena pafupi pamenepo. Pamalo abwino ndere zimaonjezera 3 mpaka 5 pa 100 aliwonse a kulemera kwake tsiku lililonse, kotero chidutswa cha magalamu 100 chokula ndi 4 pa 100 chimayandikira magalamu 600. Mukafulumira, carrageenan amakhala wochepa. Mukachedwa, chitsamba chimakula moti madzi amachikoka mwamphamvu, nthambi zam'kati zimasowa kuwala, ndipo katundu yense akulendewera pamfundo imodzi ija. Nsonga zanthete zisungeni zikhale mbewu, zokhwima zipite kokayanika.

Yanikani pathandala kapena popachika, osati pamchenga, mosanjikiza pang'ono ndi kumatembenuza. Dzuwa likakhala labwino masiku awiri kapena atatu amakwana. Mvula isazinyowetse: imatsuka mchere, imaziyeretsa ndi kutsitsa mtengo wake, choncho pepala la pulasitiki likhale pafupi. Ogula ambiri amafuna chinyezi cha pakati pa 35 ndi 40 pa 100, ndipo makilogalamu 8 mpaka 10 a ndere zaziwisi amatsala kilogalamu imodzi. Zouma bwino zimatuluka mchere woyera pakhungu, zimapindika osathyoka, ndipo mukazifinya m'manja sizisiya chinyontho. Zikuntheni kuti mchenga ndi tizidutswa ta pulasitiki tigwe musanaziike m'matumba, ndipo matumbawo akhale pamatabwa, pamalo ouma.