Lekani kukwecha makobidi akale

Nyengo ino anthu angapo andionetsa makobidi akale amene anawatola pogalauza m'munda kapena kuwapeza m'mabokosi a makolo awo, ndipo pafupifupi onse anali atawonongedwa kale ndi eni ake. Vuto lake ndi limodzi ndipo landitopetsa: kukwecha khobidi ndi mchenga, phulusa, mandimu kapena mankhwala otsukira mano, poganiza kuti likanyezimira ndiye kuti lakwera mtengo.

Kuda kumene mumakuona pa khobidi lamkuwa si litsiro ayi. Ndi khungu limene mkuwa umapanga pokumana ndi mpweya kwa zaka zambiri, ndipo limateteza chitsulo cha pansi pake, monganso kuda kwa siliva kumene kumabwera ndi salufa wa mumpweya. Osonkhanitsa makobidi amalifuna khungu limeneli chifukwa ndi umboni wakuti khobidilo silinaseweretsedwe. Asidi wa m'mandimu ndi m'viniga amalisenda n'kusiya mkuwa wofiira mombuwa, pomwe mchenga umasiya timizere tambirimbiri timene galasi lokuza zinthu kakhumi limationetsa poyera. Chitsulo chimene chapalidwa sichibwereranso. Mabungwe oyeza makobidi monga PCGS ndi NGC, amene amagwiritsa ntchito sikelo ya Sheldon yoyezera ubwino wa khobidi kuyambira pa 1 kulekeza pa 70, salipatsa nambala khobidi lokwechedwa. Amangolemba kuti linatsukidwa, ndipo mtengo wake umagwa nthawi yomweyo.

Mlimi wina anandibweretsera mashelengi a ku Britain opangidwa chaka cha 1920 chisanafike, pamene magawo 92.5 pa 100 aliwonse a ndalama zimenezi anali siliva. Anali atawaviika m'mandimu usiku wonse n'kuwakwecha ndi phulusa ngati poto. Anawayala pachikhatho monyadira, nati, "Alangizi, taonani mmene ayerera." Nditaika limodzi pansi pa galasi, tsitsi la pamutu wa mfumu linali litasalala, nkhope yonse ili mizere yokhayokha. Zinandiwawa kuwauza bambowo kuti chawatsalira kwenikweni ndi kulemera kwa siliva basi. Tidzaleka liti kuona chitsulo chilichonse ngati chiwiya chofunika kutsukuluza?

Ngati pakhobidi pali dothi lenileni, liviikeni m'madzi a distilled (madzi oyeretsedwa opanda mchere uliwonse) kwa masiku angapo mukusintha madziwo, kenako liumitseni poligunditsa pansalu yofewa, osalipukuta. Zomata za guluu kapena zobiriwira zonanda zochokera ku mapulasitiki a PVC zimasungunuka ndi mankhwala amadzimadzi otchedwa acetone, osasakaniza ndi china chilichonse, koma mugwiritse ntchito pamalo opita mphepo komanso kutali ndi moto. Khobidi ligwireni m'mphepete, chifukwa thukuta la zala limasiya zidindo. Mukaona ufa wobiriwira motuwa ukutumphuka pa khobidi lamkuwa, lipatuleni kwa anzake, liikeni pouma, ndipo mulitengere kwa katswiri wosamalira zinthu zakale msanga, chifukwa ufa umenewo ndi chizindikiro chakuti mchere ukudya chitsulo mkati.